Kamera ya m'Jekete ya Malemu

"Nanga ichi n'cha ndani?"

Anafunsa ndi azakhali a Magdalena, atakweza m'mwamba kanthu kachitsulo kamene anakatulutsa m'thumba la m'kati la jekete ya malemu. Amayi ake a Brenda anapitiriza kupinda mashati pamphasa, maso ali pansi, ndipo Brenda anangotambasula dzanja n'kukalandira.

Panali patatha masabata atatu chiikireni maliro a bambo ake, a Jailosi Mulipa, amene anagwira udalaivala kwa zaka makumi atatu pakampani ina yokonza misewu. Loweruka likudzalo kunali mwambo wosudzula amayi ake, kuwamasula ku ukwati monga mwa mwambo wa kwawo, ndi kugawira abale zovala za malemu. N'chifukwa chake azakhali, mlongo wawo wa malemu, anachoka ku Machinjiri Lolemba m'mawa kubwera ku Bangwe kudzathandiza kusanja katundu. Kuthandiza kwawoko kunali kopisa m'matumba. Buluku lililonse, shati iliyonse, ankayamba alowetsa dzanja asanaipereke kwa oipinda.

Kanthuko kanali kamera. Inali yaing'ono ngati sopo wochapira wodula pakati, koma m'manja inkalemera ngati ili ndi maganizo. Thupi lake linali lachitsulo chotuwa, chosawala, chozizira ngati mpeni, ndipo m'makona munali mutasalala chifukwa chogwiridwagwiridwa. Kutsogolo kunalibe diso, kunali kachitseko kozungulira basi. Brenda anakankha kabatani ka pamwamba. Kachitsekoko kanasendera pambali, diso linatuluka pang'onopang'ono ngati mutu wa kamba amene wamva kuti anthu apita. Pakagalasi kakang'ono pambali pa batanilo panaoneka nambala: 29.

Ndiye kuti batire inali yamoyo. Ndiye kuti panali munthu amene ankaisintha.

Brenda anayang'ana jeketeyo. Anali ataiona moyo wake wonse, yabulawuni, yopendekera kumanzere, ndipo nthawi zonse ankayesa kuti bambo ake ndiwo anali ndi phewa lotsika. Anali munthu wokana kujambulidwa. Ukawalozetsa foni ankabisa nkhope ndi chipewa n'kunena kuti nkhope yawo ili kale palaisensi, boma laiona, zakwana.

"Bweretsa kuno ndisunge ine," anatero azakhali. "Chikumbutso cha mlongo wanga. Inu alamu muli ndi nyumba yonseyi, muli ndi ana. Ine ndatsala ndi chiyani?"

"Muli ndi Olive," anatero Brenda.

Sanalankhule ndi cholinga. Olive anali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri amene azakhali ankamulera, mwana wamasiye wa mnzawo wina wa ku tchalitchi, monga ankanenera. Kumaliro sanabwere naye. Anati ana sayenera kuona bokosi, ngakhale kuti ana a anthu ena anali ponseponse, akuthamangitsana pakati pa nkhata.

Azakhali anamuyang'ana Brenda kanthawi, kenako anaseka.

"Chabwino, mwana wa digiri. Gwira. Koma tsegula kumbuyoko tione zithunzi zake, mwina muli nkhope ya bambo ako. Umangotsegula n'kuyang'ana padzuwa, zimaoneka zonse. Tiye panja, muno muli mdima."

Anatuluka awiri. Dzuwa linali paliwombo, likumenya malata a Bangwe yense mpaka phiri kuoneka ngati likunjenjemera. Chitseko cha kumbuyo kwa kamera chinali ndi kaloko kovuta. Kukakankha sikankasuntha, kukadina sikankasuntha. Brenda, amene anakhala zaka zinayi ku Zomba akuphunzira kusagonja pa mafunso ovuta, anapeza kuti umayenera kudina ndi kukankha nthawi imodzi. Chitseko chinatseguka. M'katimo munali kansalu kapulasitiki kofiirira, kosalala, kokokedwa kuchokera mbali ina kupita ina. Panalibe nkhope, panalibe kanthu.

"Palibe chikuoneka, anti."

"Sendera kuno, uli pamthunzi. Pendeketsa. Ikoke pang'ono."

"Brenda, tseka."

Anali amayi ake, ataima pakhomo, shati ili m'manja. Sanakweze mawu, koma Brenda anatseka msangamsanga ngati wagwira mbaula. Kamera inalira pang'ono m'kati mwake, kenako inakhala chete. Pakagalasi paja 29 anali atachoka. Panali 1.

"Basi, mulibe kanthu, alamu," anatero azakhali, akupukuta manja pachitenje. "Zinthu zakalezi."

Masana amenewo azakhali anadya bwino, mpaka kupempha nyemba zowonjezera. Za chikumbutso cha mlongo wawo sanazitchulenso. Kamera inakhala patebulo tsiku lonse, pafupi ndi chigongono chawo, osaiyang'ana n'komwe. Chimenecho ndicho chinamukhala Brenda pamtima. Munthu amene masana analibe chotsala nacho padziko lapansi, pofika madzulo sankafunanso kanthu.

Lachiwiri Brenda anakwera minibasi ya ku Limbe, n'kusintha ya ku Ndirande. Mnzake wina anali atamuuza za a Venansio, mkulu wa situdiyo ina kuseri kwa msika, amene masiku ano ankadyera zithunzi za mapasipoti koma ankasungabe zipangizo zakale m'kachipinda ka kumbuyo. Anawapeza akudula zithunzi ndi lumo, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Atawaikira kamera patebulo anasiya lumo, anapukuta zala pamalaya, ndipo anainyamula ndi manja awiri.

"Mwana wanga, wabera mzungu uti?"

"Ndi ya malemu bambo anga."

"Pepa. Ankagwira ntchito yanji?"

"Udalaivala. Kale anayendetsapo injiniya wina wa ku Japan."

"Ndiye Mjapaniyo anawakonda, kapena anaiwala." Anaitembenuza. "Ichitu si chitsulo wamba, ndi titaniyamu. Sichichita dzimbiri, sichipindika. Zoterezi ine ndinkangoziona m'magazini. Taona, palibe chotuluka, palibe chokola nsalu, diso limabisala lokha. Anaipanga kuti izilowa m'thumba ngati paketi ya fodya." Anaima, ataona kawindo kakang'ono ka kumbuyo. "Muli filimu umu. Koma nambala ikuti wani. Yatsopano?"

"Inali pa twente naini. Ndinatsegula."

A Venansio anavula magalasi.

"Unatsegula. Kuti?"

"Panja."

"Nthawi yanji?"

"Masana."

"Mayo ine. Waona kaloko aka? Munthu anakhala pansi ku Japan kuja n'kuganizira zitsiru zonse za padziko lapansi, n'kupanga loko woti chitsiru chisatsegule mwangozi. Sukulu unalekeza pati?"

"Ndili ndi digiri."

"Eya. Za inuyo sanaganize."

Anatenga bolopeni n'kudina ndi nsonga yake kabatani kobisika kunsi kwa kamera. Inayamba kulira motsitsa, kwa nthawi yaitali, ikukokera filimu yonse m'kachitini kake. Itasiya, anatsegula chitseko ndi chala chimodzi, n'kutulutsa kachitiniko. Kenako analoza kamera yopanda kanthuyo kwa Brenda.

"Tamvera." Anadina. Kunamveka kaphokoso kochepa ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi m'chipinda china. "Wamva? Athu a m'situdiyowa amakuwa, munthu amadziwa kuti wajambulidwa, amakonza nkhope. Aka kamanong'ona. Umajambula munthu ali mmene alili, iye osadziwa."

"Zithunzizo zafa zonse?"

"Filimu yojambulidwa imadzikulunga yokha, ngati mpukutu wa nsalu. Zakunja zapsa, zimenezo iwala. Zam'kati, zoyambirira, mwina zapulumuka ngati sunachedwe kutseka." Anabwezera magalasi pamphuno. "Anakuuza ndani kuti utsegule?"

"Azakhali anga."

"A zaka zingati?"

"Apitirira sikisite."

"Ukwati wawo anajambulitsa?"

"Alubamu yonse. Ili pa sitandi ya TV kwawo."

A Venansio anatenganso lumo lawo n'kuyamba kudula chithunzi cha munthu wina wa maso otuzuka.

"Mwana wanga, iwe unabadwira m'foni, sindikukuimba mlandu. Koma aliyense amene anajambulitsa ukwati foni zisanabwere amadziwa kuti filimu ndi dzuwa sizionana, ngati mkamwini ndi apongozi ake. Agogo osadziwa kulemba dzina lawo ankadziwa zimenezo. Ine sindinanene kanthu. Mankhwala otsukira zithunzi zamakala anatha kale m'tauni muno, nditsuka ndi amene ndili nawo, zituluka zakuda ndi zoyera. Ubwere Lachinayi."

Lachitatu Brenda anakhala pakhomo akuyang'ana azakhali ake. Anali asanawayang'anepo chotero. Anaona kuti foni yawo ikalira amayamba aona dzina, kenako amapita kuseri kwa bafa. Anaona kuti akamanena za Loweruka amafulumiza mawu: abale a ku Thyolo abwera m'mawa, mwambo usachedwe, zovala zigawidwe, alamu amasuke, aliyense azipita kwawo. Madzulo, akusenda mbatata, anafunsa ngati munthu wongokumbukira.

"Kachitsulo kaja kali kuti?"

"Ndasiya kwa mnzanga, anti. Amakonda zakale."

"Mnzako wa kuti?"

"Wa ku Ndirande."

"Ku Ndirande," anatero azakhali, ndipo mpeni unalowa kwambiri m'mbatata. "Samala, kumeneko amaba ndi mthunzi womwe."

Amayi ake anali pomwepo, akusankha mpunga m'lichero. Sanadzutse mutu.

Lachinayi a Venansio anamupatsa envulopu ya khaki ndi kamera yokulungidwa m'nyuzipepala. Anati zapulumuka khumi ndi zisanu ndi zinayi, zina khumi zapsa. Sanachite nthabwala. Anamuuza kuti akhale pabenchi ya makasitomala, iwo n'kupita kukaima pakhomo, kuyang'ana anthu odutsa.

Zithunzizo zinali zotuwa, zamchengamchenga, koma zakuthwa modabwitsa. Pakona ya kumunsi ya chilichonse panali manambala ang'onoang'ono oyera. Kamera inkadinda yokha tsiku, mwezi ndi chaka. Choyamba chinali cha zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Filimu imodzi, zaka zonsezo. Bambo ake ankajambula ngati munthu wogwiritsa ntchito mchere m'chaka cha njala.

Choyamba: amayi ake akuyanika zovala, mapegi awiri ali kukamwa. Chachiwiri: amayi ake akugona pabenchi ya tchalitchi, Baibulo lili pachifuwa. Amayi ake akukangana ndi wogulitsa makala, chala chili m'mwamba. Amayi ake akuseka ndi munthu wina amene sanalowe m'chithunzi, mutu uli chagada, mano onse panja, kuseka kumene Brenda sankakumbukira kuti anakuonapo. Panali cha galu wawo amene anafa. Panali cha msewu wamatope ndi thirakitala. Panali chimodzi cha iye mwini, atatembenukira kukhoma, akuwerengera mayeso a fomu folo, phazi lina litapinda pansi pa mpando. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankayang'ana kamera.

Anafika pa chomaliza.

Chimenechi chokha anthu ankayang'ana kamera, ndipo chimenechi chokha munali bambo ake. Anakhala pampando wapulasitiki, pakhonde limene Brenda analizindikira nthawi yomweyo chifukwa cha maluwa a m'zitini za penti: khonde la azakhali ku Machinjiri. Analibe chipewa. Ankamwetulira. Pamwendo pawo panakhala Olive, ali wamng'ono kuposa pano, atanyamula mbale ya keke ya makandulo asanu ndi anayi. Onse awiri anapendeketsa mutu mbali imodzi. Makutu a mwanayo anali otambalala kumwamba, ndipo Brenda anapeza kuti dzanja lake lapita lokha kukagwira khutu lake. Pansi, kutsogolo, panagwa mthunzi wa wojambulayo, munthu wamfupi wa duku lomanga mfundo pambali.

Mbali ya kumanja ya chithunzicho inali itapsa, yoyera mbee. Kuchokera m'kuyerako munatuluka dzanja la mkazi, la chibangiri chopyapyala, litagona paphewa la bambo ake. Mwini dzanjalo dzuwa la Lolemba linali litamudya yense.

Kenako anawerenga manambala a pakona: 14 9 '22.

Tsiku limenelo sankafunika kulifufuza. Linalembedwa pa satifiketi yake. Tsiku limenelo anavala gauni ku Zomba, amayi ake atakhala okha pakati pa makolo a anthu ena, chikwama chili pampando wopanda munthu. Bambo ake anaimba foni m'mawa kupepesa: abwana awatuma mwadzidzidzi ku Nchalo, galimoto ya simenti, palibe wina woyendetsa.

"Zatuluka bwino?" anafunsa a Venansio ali chitembenukire kumsewu.

"Kamera yabwino," anatero Brenda.

"Diso lake silinama. Vuto lake ndi lomwelo."

M'minibasi anachotsa chithunzi chomalizacho mu envulopu n'kuchiika m'thumba la siketi. Pofika pa Chichiri anachibwezera. Pofika ku Limbe anachichotsanso. Amayi ake anakhala ndi munthuyo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo Loweruka abale ake adzawauza pamaso pa anthu kuti mwamusunga bwino m'bale wathu, palibe mlandu, pitani mwamtendere. Akanatha kupita ndi zithunzi khumi ndi zisanu ndi zitatu za mwamuna amene ankawayang'ana mwakachetechete iwo akuyanika zovala. Zimenezonso zinali zoona. Ndipo chithunzi chinacho chinkanena chiyani kwenikweni? Malume atanyamula mwana wamasiye pa tsiku lake lobadwa. Makutu ndi makutu, ku Malawi kuno aliyense ali nawo awiri. Koma anakumbukira azakhali akupempha nyemba zowonjezera.

Anapeza amayi ake ali okha pabalaza, zovala za malemu zitasanjidwa m'milu isanu pamphasa. Azakhali anali atapita kumsika kukaona nkhuku za Loweruka. Brenda anagwada, anaika kamera patebulo, n'kupereka envulopu ndi manja awiri.

Amayi ake anayang'ana chimodzichimodzi, osafulumira. Pa cha kutchalitchi anati, "Ulaliki wa abusa aja." Pa cha wamakala anati, "Anali wakuba ameneyu." Pa cha kuseka chija anakhala nthawi yaitali.

"Ankayesa kuti sindikumva," anatero. "Kamalira ngati nsabwe ikuphedwa. Ndinkangopitiriza zimene ndikuchita, kuti asachite manyazi."

"Munkaidziwa?"

"Jekete imeneyo ndachapa ine zaka zonsezi. Ndinkaitulutsa, kuchapa, kusita, kubwezera." Anasonkhanitsa zithunzizo n'kuzigogoda pabondo kuti zilingane. "Paja nambala ija inali twente naini."

"Zina zinapsa, amayi. Nditatsegula paja."

"Zonse?"

Brenda anayang'ana milu ya zovala. Pamwamba pa mulu wina panali jekete yabulawuni ija, tsopano mapewa ake ali ofanana.

"Brenda. Ndakufunsa."

Brenda anapisa m'thumba la siketi.

Amayi ake anachigwira m'mbali, ngati chotentha. Brenda ankatsatira maso awo. Anayamba pa nkhope ya amuna awo, anatsikira pa mwanayo, anakhala pamenepo. Anapita pa mthunzi wa duku. Anapita pa dzanja la chibangiri, ndipo chala chawo chachikulu chinasisita malo oyerawo kamodzi, ngati kuti ndi fumbi lochoka. Pomaliza anasendeza chithunzicho kutali ndi maso kuti awerenge manambala a pakona. Milomo yawo inayenda popanda mawu. Atamaliza anayang'ana Brenda, ndipo Brenda ndi amene anayamba kuyang'ana kumbali.

"Ku Nchalo," anatero amayi ake.

Geti linalira panja. Kunamveka mapiko a nkhuku ndi mawu a azakhali akukalipira galu wa aneba. Analowa akupuma mwamphamvu, nkhuku ziwiri zomanga miyendo zili m'manja, duku lawo litamangidwa mfundo pambali.

"Alamu, mitengo ya kumsikaku ndi ufiti weniweni, ndikanadziwa ndikanabwera nazo za kwathu. A ku Thyolo aimba, akuti anyamuka ndi basi yoyamba, ndiye ife tikadzuka…"

Anaona kamera patebulo. Anaona envulopu ya khaki. Nkhuku imodzi inakupiza mapiko, iwo osaigwira bwino.

Amayi ake a Brenda anaika chithunzi chija pamwamba pa jekete, nkhope zili m'mwamba, n'kuchisalaza ndi dzanja. Azakhali anachiyang'ana ali chiimire. Sanayandikire, sanafunse kuti n'chiyani.

"Khalani pansi, alamu, mwatopa," anatero amayi ake a Brenda. "Nkhukuzo zimasuleni, zizidya panja. Muwaimbire a ku Thyolo asanyamuke, mwambo wa Loweruka sukhalako." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, mawa ubwerere ku Ndirande. Ukagule filimu ina."